Kusechedwa pa bwalo la ndege: chimatiteteza n'chiti, chimatilanda ufulu n'chiti?

Munthu wa kuno ku chigwa cha Shire sadabwa akauzidwa kuti atsegule chikwama. Ukakwera minibasi ku Nsanje kapena ku Bangula ulendo wa ku Blantyre, umadziwiratu kuti usanayambe kukwera phiri, pa Thabwa, apolisi aimitsa galimoto n'kuyang'ana matumba. Pa Marka polowa mu Mozambique ndi momwemonso. Tinazolowera. N'chifukwa chake mnyamata wa ku Ngabu wopita ku ntchito ku Joni, kapena mayi wa ku Nchalo wokaona mwana wake kunja, akafika pa bwalo la ndege la Chileka n'kuuzidwa kuti avule lamba, atulutse foni m'thumba, asiye botolo la madzi, amangochita osafunsa. Pa ntchito yanga ya zamalamulo ndimaona kuti kufunsako n'kofunika, chifukwa zimene zimativutitsa kwambiri pamzere paja sizo zimatiteteza kwambiri, komanso sizo zimaopseza kwambiri ufulu wathu.

Pafupifupi lamulo lililonse la pa bwalo la ndege linabwera pambuyo pa maliro kapena pambuyo pa chiwembu. Mu Disembala 1988 ndege ya Pan Am inaphulika pamwamba pa tauni ya Lockerbie ku Scotland, anthu 270 anafa. Bomba linali m'sutikesi imene mwiniwake sanakwere ndegeyo. Lero mukaona ndege ikuchedwa kunyamuka chifukwa akutsitsa katundu wa munthu amene sanabwere, dziwani kuti lamulo limenelo linakhwimitsidwa pambuyo pa chiwembu chimenechi. Pa 11 Seputembala 2001 zigawenga 19 zinalanda ndege zinayi ku America ndi timipeni tating'ono, n'kuphetsa anthu pafupifupi 3,000. Patangotha miyezi itatu, Richard Reid anakwera ndege yochokera ku Paris kupita ku Miami atabisa bomba m'nsapato, ndiye kuvula nsapato kunayambira pamenepo. Mu Ogasiti 2006 apolisi a ku Britain anagwira gulu limene linkafuna kuphulitsa ndege ndi mankhwala amadzimadzi obisika m'mabotolo a zakumwa, n'kubwera lamulo loti zamadzimadzi zisapitirire mamililita 100 pa botolo m'chikwama cha m'manja. Kenaka pa Khirisimasi ya 2009 Umar Farouk Abdulmutallab wa ku Nigeria anafika pa ndege pafupi ndi mzinda wa Detroit ku America ali ndi bomba m'kabudula wamkati, ndipo makina ounika thupi lonse anafalikira m'mabwalo akuluakulu.

Tsopano taonani bwino nkhani zimenezi. Reid ndi Abdulmutallab onse anadutsa posechedwa osagwidwa. Anawagwira ndi anthu apaulendo ndi ogwira ntchito m'ndege momwemo, mabomba awo atakanika kuphulika. Bambo ake a Abdulmutallab anali atapita kale ku ofesi ya kazembe wa America ku Abuja kukachenjeza za mwana wawo, koma chenjezolo silinagwiritsidwe ntchito moyenera. Chiwembu cha mabotolo cha 2006 chinaululika chifukwa akazitape ndi apolisi analondalonda anthuwo kwa nthawi, asanafike n'komwe pa bwalo la ndege. Ndipo mu 2015 akuluakulu oyendera ntchito za boma ku America atatuma anthu awo kuti ayese kudutsa ndi zida ndi mabomba onamizira, anadutsa maulendo 67 mwa maulendo 70.

Wina angati basi, kusecha n'kungotaya nthawi. Ayi, sindikuvomereza. Pakati pa 1968 ndi 1972 ndege za ku America zoposa 130 zinalandidwa m'mlengalenga, nthawi imene munthu ankatha kukwera ndi mfuti m'thumba popanda womufunsa. Atayamba kusecha aliyense mu Januwale 1973, kulanda ndege kunachepa kwambiri. Makina aja sagwira zonse, koma amachititsa kuti wachiwembu asakhale ndi chitsimikizo choti adutsa, ndipo ambiri amabwerera pamenepo.

Komabe chinthu chimene chinasintha kwambiri chitetezo cha m'ndege ambirife sitichiona n'komwe: chitseko cha chipinda cha oyendetsa ndege. Chisanafike chaka cha 2001 chinali chitseko wamba. Mu Novembala 1996 anyamata atatu analowa m'chipindacho m'ndege ya Ethiopian Airlines yochokera ku Addis Ababa kupita ku Nairobi, ananyamula nkhwangwa ndi chozimira moto za m'ndege momwemo, n'kulamula kuti ndege ipite ku Australia. Mafuta anatha, ndege inagwera m'nyanja pafupi ndi zilumba za Comoros, ndipo mwa anthu 175 anafa 125. Lero chitseko chimenecho n'cholimba ndipo chimakhomedwa mkati. Sichivula munthu lamba, sichipapasa mayi aliyense, koma chinatseka njira imene zigawenga za 2001 zinadzera.

Pali khomo lina limene limandidetsa nkhawa kuposa chikwama cha agogo. Mu Febuluwale 2016 bomba linaboola ndege ya Daallo Airlines itangonyamuka ku Mogadishu. Linali m'laputopu, ndipo makamera anaonetsa anthu ogwira ntchito pa bwalo lomwelo akupereka laputopuyo kwa chigawengacho. Kumene wonyamula katundu kapena mlonda angagulidwe ndi kangachepe, mutha kupapasa apaulendo mpaka dzuwa kulowa, chiwembu chidzadzera kumbuyo. Kufufuza mbiri ya ogwira ntchito, kuwalipira bwino ndi kuthana ndi ziphuphu n'kumene kumafuna ndalama ndi khama, kungoti sikuonekera kwa anthu monga mmene mzere wautali umaonekera.

Nanga lamulo lathu likuti chiyani? Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, limapatsa munthu aliyense ufulu wosasechedwa m'thupi, m'nyumba kapena m'katundu wake, wosalandidwa zinthu zake, ndiponso wosalowereredwa pa makalata ndi mafoni ake. Gawo 19 limateteza ulemu wa munthu. Koma gawo 44 limalola kuti ufulu wina uchepetsedwe ngati pali lamulo lolembedwa lonena choncho, ngati kuchepetsako kuli koyenera, kovomerezeka pa miyezo ya ufulu wa anthu ya padziko lonse, komanso kofunikadi m'dziko la demokalase. Choncho khoti silifunsa ngati munasechedwa. Limafunsa ngati panali lamulo, ngati panali chifukwa, ndiponso ngati sakanatha kupeza chitetezo chomwecho popanda kukuchotsani ulemu.

Tikayeza ndi muyezo umenewu, kuvula lamba ndi kudutsitsa chikwama m'makina kumapambana mosavuta. Kumachitika kwa aliyense, nduna ndi mlimi wa thonje yemwe, kumatenga kamphindi, ndipo ukadutsa sipatsala kanthu kolembedwa za iwe. Zimawawa ndithu kuona chibotolo cha uchi kapena chiponde chimene amayi anakusinjira chikuponyedwa m'bini, koma n'zopeweka: zoterozo ziikeni m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege, ndipo funsiranitu ngati dziko mukupitalo limalola kulowa ndi zakudya.

Kupapasa thupi ndiye kumafuna kusamala. Tiyerekeze mayi wavala mikanda m'chiuno pansi pa chitenje. Pa chipata chomva zitsulo mikanda yagalasi siiliza belu, koma makina ounika thupi lonse, monga a m'mabwalo akuluakulu akunja, amaonetsa kuti m'chiunomo muli kanthu. Wachitetezo amayenera kutsimikiza kuti n'chiyani. Amene akumupapasa akhale mkazi mnzake, amuuze kaye pamene akufuna kugwira, ndipo ngati pakufunika kukweza chovala, mayiyo apemphe kuti apite naye kuchipinda, osati pamaso pa apongozi amene ali naye pa ulendo. Malamulo athu a milandu amanena momveka kuti mkazi asechedwe ndi mkazi, ndipo mwaulemu. Kupempha zimenezi si mwano.

Ndipo kudandaula kumasintha zinthu. Makina oyamba ounika thupi ku America ankaonetsa chithunzi cha munthu ngati ali maliseche kwa wachitetezo wokhala m'kachipinda kena. Anthu anakana, nkhani inafika ku nyumba ya malamulo, ndipo pofika 2013 makina amenewo anachotsedwa. Amene alipo tsopano amangoonetsa kachithunzi kofanana kwa aliyense n'kuika chizindikiro pamene pali kanthu. Lamulo lovula nsapato nalo dziko la America linalisiya mu Julayi 2025.

Kumene ufulu umatayikadi ndi kumene munthu saona: m'mindandanda ya mayina ndi m'makompyuta. Rahinah Ibrahim, mayi wa ku Malaysia amene ankaphunzira pa yunivesite ya Stanford ku America, anamangidwa maunyolo pa bwalo la ndege la San Francisco mu 2005 chifukwa dzina lake linali pa mndandanda wa oletsedwa kukwera ndege. Zinatenga mpaka 2014 kuti khoti lipeze kuti wapolisi wa FBI, bungwe la boma la America lofufuza milandu, anachonga malo olakwika pa fomu. Zaka zonsezo boma linkakana kunena chifukwa chake, likuti ndi chinsinsi cha chitetezo. Ngakhale Ted Kennedy, phungu wotchuka wa ku America, anaimitsidwapo kangapo mu 2004 chifukwa cha dzina lofanana ndi la wina. Iye anali ndi foni ya nduna yoona zachitetezo. Mnyamata wa ku Makhanga angaimbire ndani? Chimodzimodzi kusankha anthu owasecha mwapadera poona khungu, ndevu, chovala chachipembedzo kapena pasipoti ya dziko losauka. Kumeneko chitetezo chasanduka tsankho, ndipo wachiwembu wochenjera amangotuma munthu wosaoneka motero.

Ife Amalawi sitikusowa kuphunzira zimenezi kwa azungu, tinaziona kale kwathu konkuno. Nthawi ya chipani chimodzi, pansi pa malamulo a kavalidwe a 1973, mayi wovala buluku kapena siketi yaifupi ankabwezedwa kuti akasinthe, ndipo mwamuna watsitsi lalitali ankametedwa pa bwalo la ndege asanaloledwe kulowa m'dziko. Panalibe bomba m'tsitsimo. Malamulowo anachotsedwa mu 1993, koma chipata n'chomwecho, ndipo lero chili ndi kamera yojambula nkhope ndi kamakina kotenga zidindo za zala. Tili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, ndipo n'zoyenera kuti aphungu athu a ku Chikwawa ndi Nsanje azifunsa kuti zithunzi ndi zidindozo amasunga ndani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo amagawana ndi mayiko ati. Foni nayo si chikwama. Kuidutsitsa m'makina kapena kukuuzani kuti muiyatse n'kwina, kuwerenga mauthenga anu a WhatsApp n'kwinanso, ndipo kwachiwiriku kumafuna chifukwa cha mlandu, osati chidwi cha wachitetezo.

Mukachitiridwa zosayenera, musalimbane nawo pamzere pomwepo. Mutha kukana kusechedwa, koma ndege simukwera ndipo tikiti ingapite pachabe. Pemphani kuonana ndi wamkulu wawo, tengani dzina kapena nambala ya amene wakuchitani chipongwe, lembani tsiku, nthawi, chipata ndi nambala ya ndege. Mukalandidwa chinthu cha mtengo, funsani kalata yosonyeza kuti achisunga. Kuno kwathu dandaulo lingapite kwa oyang'anira bwalo la ndege, ku Malawi Human Rights Commission, kwa Ombudsman, kapena ku Independent Complaints Commission ngati wolakwayo ndi wapolisi. Mukakhala ku Johannesburg, ku Addis Ababa kapena ku Dubai, gawo 21 lija silikutsatani, logwira ntchito kumeneko ndi lamulo la dzikolo, choncho musananyamuke lembani papepala nambala ya ofesi ya kazembe wa Malawi wa kumeneko, chifukwa foni ikhoza kukhala m'manja mwa amene akukufunsaniyo.