Vayolini wa pa kompyuta amasintha bwanji kaliridwe?

Woyimba vayolini sakhala ndi kaliridwe kamodzi. Pena amakoka uta mosadukiza kuti noti ilowe mu inzake, komwe amati legato. Pena amadula noti iliyonse mwachidule, staccato. Penanso amasiya uta n'kumakodola chingwe ndi chala, pizzicato. Makampani ngati Spitfire Audio amajambula kaliridwe kalikonse pakokha kuchokera kwa oyimba enieni, ndipo zonsezi zimatchedwa ma articulation. Koma ambiri timangotsegula Kontakt, pulogalamu yoyimbira mawu ojambulidwawo, n'kusankha sustain, kaliridwe ka noti zazitali, n'kuyimba nyimbo yonse ndi iyo yokha. Zingwe zikamveka ngati kiyibodi yotchipa ya pa ukwati, timati library, nkhokwe ya mawu ojambulidwayo, ndi yoipa.

Njira yakale yosinthira kaliridwe ndi keyswitch. Makiyi a kumanzere kwenikweni, kumene vayolini safikako, salira. Ntchito yawo ndi kuuza chipangizo kuti noti zikubwerazo ziyimbidwe motani. Mumalemba noti yaifupi pa kiyi yoteroyo ndipo zotsatira zonse zimamvera.

Apa m'pomwe anzathu ogwiritsa ntchito FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, amasokonezeka. Kwa MIDI, njira imene kompyuta imatumizira noti ngati manambala, C wapakati pa piyano ndi nambala 60 basi, koma mapulogalamu amamutcha mosiyana: Kontakt ndi Cubase (pulogalamu ina yopangira nyimbo) amati C3, FL Studio imati C5. Choncho Kontakt ikalemba kuti staccato ili pa C0, imeneyo ndi noti 24, ndipo mu piano roll ya FL Studio, pomwe mumalemba noti, muipeza pa C2. Munthu amatha madzulo onse akudina C0 popanda chosintha. Ine ndimati lembani manambala papepala, musadalire mayina.

Keyswitch ili ndi mavuto ake ena. Ikayamba nthawi imodzi ndi noti yomwe mukufuna kuisintha, pena noti imalira kaye ndi kaliridwe kakale, ndiye muziikokera keyswitch kumbuyo pang'ono kuti iziyamba noti isanafike. Woyimba akati nyimbo yakwera kwambiri, inu n'kusankha noti zonse kuti muzitsitse, ma keyswitch amatsika nawo, legato n'kusanduka tremolo, kaliridwe konjenjemera. Mukayambira nyimbo pakati, chipangizo chikhoza kukhalabe pa kaliridwe komwe chinamva komaliza.

N'chifukwa chake kampani ya Steinberg inabweretsa Expression Maps mu Cubase 5 m'chaka cha 2009, ndipo Apple inaika Articulation Sets mu Logic Pro 10.4 mu 2018. Mumauza pulogalamu kamodzi kuti pizzicato ndi noti yakuti, n'kusunga. Kuyambira pamenepo mumangosankha dzina la kaliridwe, pulogalamu n'kumatumiza yokha keyswitch mobisa. Mu FL Studio ambiri amagwiritsa ntchito pulagini yaulere ya BRSO Articulate, imene imapatsa kaliridwe kalikonse mtundu wake wa noti. Kukonza zimenezi n'kotopetsa, sindikana, koma mukasunga mu template, fayilo yoyambira nyimbo zatsopano, simubwerezanso.

Kusankha kaliridwe sikumaliza ntchito. M'ma library ambiri mphamvu ya noti zazitali imayendetsedwa ndi mod wheel, kagudumu ka pa kiyibodi komwe uthenga wake mu MIDI umatchedwa CC1, pomwe noti zazifupi zimamvera velocity, mphamvu yomwe mwadinira kiyi. Mukasiya CC1 pamalo amodzi, legato yabwinoyo imauma. Legato imachedwanso kulira chifukwa anajambula ndi kutsetsereka kwa chala kuchoka pa noti ina kupita pa inzake. Muikokere kumbuyo ndi track delay, chosunthira nthawi ya track yonse, mpaka igwirizane ndi ng'oma, ndipo ngati staccato yayamba kufulumira, ipatseni track yakeyake.