Warfarin, nkhwani ndi mtima wogunda mosalongosoka

Ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, mumvetsere kwa mphindi imodzi. Mtima wabwinobwino umagunda ngati mayi amene akusinja yekha pamtondo: gu, gu, gu. Koma ulipo mtima wina umene umamveka ngati ana atatu akulimbirana munsi umodzi, apa wathamanga, apa waima, apa wadumpha. Tikaumva choncho kuchipatala timajambula ECG, chithunzi cha kagundidwe ka mtima, ndipo nthawi zambiri timapeza vuto lotchedwa atrial fibrillation, mwachidule AF.

Chimachitika n'chakuti zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima zimasiya kufinya magazi, zimangonjenjemera. M'chipinda chakumanzere muli kathumba kakang'ono, ndipo magazi amadikha m'menemo ngati madzi a pachithaphwi mpaka kuundana. Tsiku lina kambulu ka magazi kamathothoka, n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Munthu amene m'mawa anali kumunda, masana pakamwa papotoka, mkono walefuka, mawu sakutuluka. Achibale amayamba kuyang'anana ndi diso lokayikirana, chonsecho gwero lake lili m'chifuwa. Munthu wa AF ali pachiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu kuposa mnzake wopanda vutoli.

Si onse a AF amene timawapatsa mankhwala oletsa kuundana kwa magazi. Timayamba tawerenga: zaka zapitirira 65 kapena 75? Pali BP, shuga, mtima wofooka, kapena sitiroko inawagwirapo kale? Kwa amene akuyenera, mankhwala otere otchedwa warfarin amachotsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a chiopsezocho. Aspirin, amene ambiri amamudalira, pa ntchito iyi amachepa mphamvu.

Odwala ena akamva kuti warfarin anayamba ngati mankhwala a makoswe amanditulutsira maso. N'zoona ndithu. Ng'ombe za ku America ndi Canada zinkafa ndi kutaya magazi zikadya udzu wina wovunda, ndipo akatswiri a ku Wisconsin, ku America komweko, anapeza chimene chinkachititsa. Warfarin anachokera pamenepo: mu 1948 anayamba kuphera makoswe, mu 1954 analoledwa kwa anthu. Nkhani yonse yagona pa mlingo, n'chifukwa chake timayeza magazi pafupipafupi, muyeso wotchedwa INR, umene umaonetsa kuchedwa kwa magazi kuundana. Kwa ambiri timafuna ukhale pakati pa 2 ndi 3. Ukatsika, mibulu ija imabwerera. Ukakwera kwambiri, munthu amataya magazi.

Apa ndi pamene ndiwo zimalowerera. Warfarin amagwira ntchito popinga vitamini K, ndipo vitamini K wadzaza m'masamba obiriwira: nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, repu. Ndakumanapo ndi agogo ena amene anauzidwa ndi mnansi kuti asiyiretu masamba, iwo n'kumadya nsima ya usipa wokhawokha mwezi wathunthu. Zimenezo ayi. Idyani masamba monga mumadyera masiku onse, dokotala ayeze mlingo molingana ndi mbale yanuyo. Chimene chimasokoneza ndi kusinthasintha, monga mvula ikagwa, nkhwani wachuluka, mwayamba kudya mmawa ndi madzulo pamene m'chilimwe munkangolawa. Nyengo ikatembenuka choncho, kayezetseni.

Mankhwala ena ndiye amandidetsa nkhawa kuposa ndiwo. Rifampicin wa TB amafooketsa warfarin. Bactrim, amene ambiri omwa ma ARV amalandira, komanso Flagyl ndi fluconazole, amamuwonjezera ukali. Brufen ndi diclofenac ogula pagolosale amatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba. Za zitsamba ndiye sitidziwa n'komwe zimene zili m'botolomo. Aliyense amene akukulemberani mankhwala, ngakhale wozula dzino, amve kaye kuti mumamwa warfarin. Mayi amene akuganiza zotenga pakati anene msanga, chifukwa warfarin amavulaza mwana m'mimba.

Alipo mankhwala atsopano monga apixaban, rivaroxaban ndi dabigatran, osafuna kuyeza INR, ndipo bungwe la WHO linawaika pamndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019. Ndi abwino, kungoti mtengo wake ndi wolemetsa. Komanso kuno kwathu AF ya anthu ambiri, makamaka achinyamata, imachokera ku nthenda ya rheumatic, ija imayamba ndi zilonda zapakhosi paubwana n'kuwononga zitseko za mtima. Kafukufuku wa INVICTUS wa mu 2022 anapeza kuti kwa odwala otere warfarin wakaleyu anateteza moyo kuposa rivaroxaban. Amene anaikidwa chitseko chachitsulo mumtima nawonso amakhala pa warfarin.

Chovuta chake, mapiritsiwa sakupangitsani kumva bwino. Mtima umapitiriza kudumphadumpha, ndiye ena amati sakugwira ntchito, ena amati ndachira, onse n'kusiya. Chitetezo chimatha m'masiku ochepa chabe. Mukaiwala tsiku limodzi, musamwe awiri mawa lake. Koma mukaona kamfuno wosaleka, magazi mumkodzo, chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena mwagwa n'kumenyetsa mutu ngakhale musakumva kupweteka, musadikire tsiku la sikelo yanu. Nyamukani tsiku lomwelo, buku lanu la kuchipatala ndi mapiritsiwo zili m'manja.