Kodi chakudya chatha padziko chifukwa anthu achuluka?

Uthengawu umayenda kwambiri pa WhatsApp: akuti anthu tachulukitsa, chakudya chatha, ndiye mayiko olemera akutibweretsera katemera ndi njira zolerera kuti atichepetse mwakachetechete. Izi ndi zabodza, ndipo bodzalo likuyambira pa mawu oti chakudya chatha.

M'chaka cha 1960 padziko panali anthu pafupifupi 3 biliyoni. Mu Novembala 2022 tinakwana 8 biliyoni. Koma m'zaka zomwezo zokolola za chimanga, tirigu ndi mpunga zinawonjezeka kupitirira katatu, chifukwa cha mbewu zamakono, feteleza ndi ulimi wothirira. Chakudya chilipo. Amene amagona ndi njala nthawi zambiri ndi wosowa ndalama yogulira, kapena amene munda wake wapsa ndi ng'amba. Nanga katemera wa chikuku akanakhala wochepetsa anthu, bwanji ana amene kale ankamwalira akukula lero?

Komabe tisanamizane, kuchulukana kuli ndi mavuto ake. Kalembera wa 1966 anapeza Amalawi pafupifupi 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, pomwe nthaka ndi yomweyo. Munda wa agogo ukagawidwa kwa zidzukulu khumi, aliyense amatsala ndi kachigamba. Ndiye ena amakwera kukalima m'phiri, ena amawotcha makala, mvula ikagwa dothi lonse limakokolokera mu Shire, mpaka makina opangira magetsi ku Nkula kumavutika ndi matope.