Khobidi la m'buku: mmene chithunzi chinasandukira umboni pa malonda a ndalama zakale za Aroma

Kuyambira pa 28 June 2025, wofuna kulowetsa chinthu chakale chofukulidwa pansi m'maiko a European Union ayenera kuyamba wapempha chilolezo, ngati chinthucho chili ndi zaka zoposa 250 ndipo chinapangidwa kapena kupezeka kunja kwa maikowo. Pa zinthu zotere lamuloli, lomwe nambala yake ndi 2019/880, silifunsa za mtengo. Koma makobidi analembedwanso pa ndime ina yofewerapo, yomwe imagwira okhawo a zaka zoposa 200 ndi mtengo wosachepera mayuro 18,000, ndipo apa m'pamene pagona mkangano. Ogulitsa akuti khobidi liwerengedwe pa ndime yofewayo. Akatswiri ofukula zakale akuti pafupifupi khobidi lililonse la Aroma lomwe lili pa msika lero linatuluka m'nthaka, choncho ndi chofukulidwa basi.

Pamene mbali ziwirizi zikukokanakokana, pali kagulu ka makobidi komwe aliyense akukasirira: aja omwe zithunzi zawo zinasindikizidwa kale m'mabuku. Amalonda amawatcha plate coin, chifukwa zithunzi za m'mabuku akale zinkaikidwa pa masamba apadera kumapeto. Kale kukhala ndi khobidi lotere kunali kongonyadira chabe. Lero chithunzicho chikugwira ntchito ngati chiphaso.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi makobidiwo. Cha m'ma 294 mfumu Diocletian inakonzanso ndalama za ufumu wa Roma n'kutulutsa khobidi lalikulu la mkuwa wosakaniza ndi siliva pang'ono, lolemera magalamu pafupifupi 10, lomwe osonkhanitsa amalitcha follis kapena nummus. Silinachedwe kuwonda. Pofika 313 linali pa magalamu atatu ndi pang'ono, ndipo pofika 336 silinkakwana awiri. La golide lotchedwa solidus, lomwe Constantine anayambitsa cha m'ma 309, ndi lomwe linakhazikika: 72 pa paundi imodzi ya Aroma, lililonse magalamu 4.5. Kumbuyo kwa khobidi, chakumunsi, kuli zilembo za mzinda womwe linasulidwira: PLN ndi London, TR ndi Trier, SIS ndi Siscia, SMN ndi Nicomedia, ALE ndi Alexandria. Lililonse linkasulidwa pamanja, kachitsulo kataikidwa pakati pa zidindo ziwiri zosemedwa, wina n'kumenya ndi nyundo. N'chifukwa chake makobidi awiri ochokera pa zidindo zomwezo amafanana nkhope ndi zilembo koma safanana m'mphepete. Malonda onse a makobidi a m'buku atsamira pa mfundo imeneyi.

Mabuku oyambirira analibe cholinga choikira umboni khobidi lililonse palokha. Henri Cohen, yemwe ntchito yake inayamba kutuluka ku Paris mu 1859, anagwiritsa ntchito zojambula pamanja, ndipo wojambula ankawongola m'mphepete ndi kudzaza zilembo zofufutika. Chojambula chotere chimakuuza mtundu wa khobidi, osati khobidi lenilenilo. Mabuku a Roman Imperial Coinage, omwe onse amangowatcha RIC, anayambidwa ndi Harold Mattingly ndi Edward Sydenham mu 1923, ndipo a zaka zomalizira za ufumu anabwera mochedwa: la 9 mu 1951, la 7 la Patrick Bruun mu 1966, la 6 la C.H.V. Sutherland mu 1967, la 8 ndi la 10 a John Kent mu 1981 ndi 1994. Buku la Bruun lili ndi masamba oposa 700 koma a zithunzi ndi 24 okha, ndipo ambiri mwa makobidi ojambulidwawo ali m'nyumba zosungiramo zakale ku London, Paris, Vienna ndi Oxford. Sadzagulitsidwa. Omwe amafika m'manja mwa anthu wamba amachokera kwambiri m'timabuku ta okushoni, monga ka chuma cha banja la Trau chomwe chinagulitsidwa ku Vienna mu 1935, ndi m'mabuku ofufuza mzinda umodzi, monga a Pierre Bastien onena za Lyon kapena la Hubert Cloke ndi Lee Toone la mu 2015 lonena za London.

Chomwe chinasonyeza kuti chithunzi chingachite zambiri kuposa kutchula mtundu chinachitika m'dzenje la dothi loumbira njerwa. Pa 21 September 1922, ku Beaurains, pafupi ndi mzinda wa Arras kumpoto kwa France, anthu okumba dothi anagunda mphika. M'kati mwake munali chotengera cha siliva, ndipo m'menemo munali makobidi a golide ndi a siliva, mamedulo akuluakulu a golide, mikanda ndi zokongoletsera zina. Dera limenelo linali litangosakazidwa ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo okumbawo anali anthu osauka. Akuluakulu a boma asanamve, gawo lalikulu linali litalowa kale m'matumba, lina n'kuoloka malire kupita ku Belgium. Zomwe zinatsala ku Arras ndi gawo chabe.

M'gawo lotsalalo muli medulo yomwe aliyense wophunzira za Britain wa nthawi ya Aroma amaidziwa. Inasulidwa ku Trier, ndi yolemera magalamu pafupifupi 53, kutanthauza makobidi khumi a golide a nthawiyo. Kumbuyo kwake Constantius, bambo wake wa Constantine, ali pa kavalo atanyamula mkondo. Patsogolo pake mayi wagwada pachipata cha mzinda, pansi pake palembedwa LON. M'munsi muli ngalawa yodzaza asilikali. Mawu ozungulira ndi REDDITOR LVCIS AETERNAE, kunena wobwezeretsa kuwala kosatha. Ikukumbutsa za chaka cha 296, pamene Constantius analanda Britain kwa Allectus, woukira yemwe ankadzitcha mfumu kumeneko. Chikhala kuti medulo imeneyi inalowa m'thumba lolakwika, chithunzi chakale kwambiri cha London chikanatayika popanda wodziwa kuti chinaliko.

Zina zinatayikadi motero. Nkhani yomwe imabwerezedwa m'mabuku ambiri imati ena mwa mamedulo aakulu koposa anasungunulidwa ndi wosula golide yemwe anawayesa achinyengo. Nkhaniyi inachokera pakamwa pa anthu omwe anali ndi chifukwa chobisira zomwe anatenga, choncho siyenera kumezedwa yonse. Koma palibenso mndandanda wolembedwa pa tsikulo woti uitsutse, ndipo kusowa kwa mndandandawo ndiye bala lenileni la Beaurains. Palibe amene anawerenga makobidiwo ali pamodzi.

Patapita zaka 55, mu 1977, Pierre Bastien ndi Catherine Metzger anatulutsa buku loyesa kubwezera chumacho mu mphika wake papepala. Anasanthula timabuku ta okushoni, zithunzi za amalonda, ndi zosungidwa ku Arras, British Museum ndi American Numismatic Society ku New York, n'kumalondola khobidi limodzilimodzi kuchoka kwa mwini uyu kupita kwa uyo. Anapeza makobidi oposa 400, pomwe akatswiri amaganiza kuti onse analipo pafupifupi 700. Atawandandalika, panaoneka chinthu chomwe khobidi limodzi silikanaonetsa: ambiri a golide anabwera m'magulumagulu ogwirizana ndi mphatso zomwe mafumu ankagawira akuluakulu a asilikali pa zikondwerero, ndipo omalizira ndi a chaka cha 315. Mwini chumacho dzina lake silidziwika motsimikiza, koma ulendo wa ntchito yake unawerengeka pa makobidi ake. Zonsezi zinatheka chifukwa wina anajambula khobidi lisanasinthe manja. Omwe sanajambulidwe mwina alipo penapake lero, koma palibe njira yowalumikizira ku Beaurains.

Zaka za pambuyo pa 1922 zinangowonjezera malamulo pa phunziro limeneli. Pangano la UNESCO loletsa kuzembetsa chuma cha makolo linavomerezedwa mu 1970 n'kuyamba kugwira ntchito pa 24 April 1972. Egypt inathetseratu malonda a zinthu zakale mu 1983. Lamulo la European Union latenga tsiku lomwelo la mu 1972: ngati chinthu chinatuluka m'dziko lake tsikulo lisanafike, kapena dziko lake silingadziwike, mwini angasonyeze kuti chinatuluka movomerezeka m'dziko lomaliza lomwe chinakhalamo zaka zoposa zisanu. Khobidi la ku Antioch, mzinda womwe lero uli ku Turkey, lomwe linajambulidwa ku Vienna mu 1935 ladziyankhira kale.

Vuto ndi loti mawu akuti "la m'buku" amagwiritsidwa ntchito mosasamala, ndipo pali zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi khobidi la mtundu womwe uli m'buku. Awa alipo zikwizikwi ndipo alibe umboni uliwonse. Chachiwiri ndi lochokera pa zidindo zomwezo ndi lojambulidwalo; n'losangalatsa kwa wofufuza koma si lomwelo. Chachitatu chokha ndicho khobidi lenilenilo. Palinso lotchulidwa m'mawu a m'munsi popanda chithunzi, lomwe umboni wake umadalira tikiti yakale yolembedwa pamanja.

Poyerekeza, nkhope ya mfumu isiyidwe kaye, chifukwa imeneyo ndi ya chidindo. Maso apite m'mphepete. Khobidi liikidwe mmene lakhalira pachithunzi, kenaka lizunguliridwe ngati wotchi: pomwe pali mng'alu, pomwe chitsulo chatambasuka, pomwe timadontho tozungulira tadukira kunja, chilembo chomwe chadulidwa pakati. Zizindikiro zitatu kapena zinayi zikagwirizana kutsogolo, zigwirizanenso kumbuyo. Kenaka sikelo yowerenga mpaka magalamu 0.01. Kusiyana kwa 0.02 kapena 0.03 n'kwa masikelo chabe. Khobidi lingapepuke ngati linatsukidwa pambuyo pojambulidwa, koma likalemerapo moonekera, ndiye kuti wina wadzaza maenje kapena si lomwelo. Mabuku akale a ku Britain amalemba kulemera m'ma grain, ndipo imodzi ndi magalamu 0.0648. Pomaliza pimani mmene mbali ziwirizo zayang'anizirana: mukalitembenuza, kumbuyo kwaima chilili kapena chadodolido? Mabuku amalemba izi ngati 12 kapena 6 koloko.

Zithunzi zakale zili ndi misampha yake. Zambiri sizinatengedwe pa khobidi lenileni koma pa chifanizo cha pulasitala, chifukwa pulasitala yoyera inkajambulika bwino kuposa mkuwa wakuda. Choncho mtundu ndi dzimbiri siziwoneka, mizere yopyapyala imafewa, ndipo kabowo ka mpweya mu pulasitala kangaoneke ngati chilema cha khobidi. Nthawi zina womata zifanizo pa tsamba ankasokoneza, kutsogolo kwa khobidi ili n'kukuphatikiza ndi kumbuyo kwa lina. Kukula nakonso kumasinthika buku likasindikizidwanso, ndiye mamilimita a pachithunzi asadaliridwe okha.

Msampha woopsa koposa ndi wakuti khobidi lofanana ndi chithunzi mwa zonse lingakhale mwana wake, osati ilo. Wachinyengo akaumba chikombole pa khobidi lenileni, ming'alu ndi m'mphepete zimatengera zonse. Chizindikiro chake ndi mzere wopyapyala wozungulira m'mbali kapena zokanda za tupa pomwe anaufufuta, timabowo tozungulira pankhope, ndi kupepuka. Makobidi awiri ofanana m'mphepete akaonekera pa msika, limodzi ndi labodza, mwinanso onse. Mamedulo a Beaurains nawo ali ndi zifanizo zomwe zinapangidwa poyera ku Paris kuti anthu aziphunzirirapo, ndipo zimazungulirabe.

Komabe chithunzi chosindikizidwa n'chovuta kunamizira kuposa kalata. Mu October 2020 khobidi la golide la Brutus, mmodzi mwa omwe anapha Julius Caesar, lolembedwa EID MAR, linagulitsidwa ku London pa mtengo wa mapaundi oposa 3 miliyoni, lili ndi mbiri yonena kuti linali m'banja lina lakale la ku Ulaya. Mbiriyo inapezeka kuti ndi yopeka, ndipo mu March 2023 akuluakulu a zamalamulo ku New York analibweza ku Greece. Kalata ingalembedwe dzulo n'kuikidwa tsiku lakale. Buku la mu 1966 lili m'malaibulale mazana, ndipo palibe angalowetsemo tsamba latsopano.

Osonkhanitsa wamba ali ndi dandaulo lomveka. Makobidi aang'ono a mkuwa, monga a GLORIA EXERCITVS a m'ma 330, ankagulitsidwa ambirimbiri m'matumba, ndipo panalibe wotaya ndalama kuwajambula. Khobidi lingakhale kuti lakhala m'kabati ya banja zaka zana limodzi koma lilibe pepala ngakhale limodzi. Lamulo lodalira zithunzi limakomera golide wa olemera. Koma mpata womwewo ndi womwe amalowera makobidi okumbidwa usiku ku Syria, Turkey ndi maiko a Balkan, omwe akatsukidwa sasiyana ndi a m'kabati aja. Ndipo ngakhale chithunzi chabwino chimangonena kuti khobidi linali kunja kwa nthaka pofika chaka chakutichakuti. Sichinena munda womwe linatuluka, kapena anzake omwe linagona nawo.

Mu April 2010, pafupi ndi Frome ku Somerset m'dziko la England, munthu wofufuza zitsulo ndi makina anapeza mphika waukulu, n'kuusiya mmene unaliri n'kukanena. Akatswiri anauchotsa makobidi mosanjikiza kuyambira pamwamba mpaka pansi, onse 52,503, olemera makilogalamu pafupifupi 160. Chifukwa cha kuleza mtima kumeneko, zinadziwika kuti makobidi a Carausius, woukira wina yemwe analamulira Britain, omwe ndi ena mwa atsopano koposa mu mphikawo, anaunjikana chapakati osati pamwamba, kusonyeza kuti mphikawo unadzazidwa nthawi imodzi kuchokera m'timatumba tosiyanasiyana uli kale m'dzenje. Chumacho chili pamodzi ku Museum of Somerset ku Taunton. Za mphika wa Beaurains, funso loti chinali pamwamba n'chiyani ndipo pansi panali chiyani linafa tsiku lomwelo la 21 September 1922.