Dokotala akamayang'ana pa kompyuta sikuti ntchito yamukanika

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva mawu omwewomwewo, mpaka ndatopa nawo. Akuti dokotala kapena namwino akamayang'ana pa kompyuta kapena pa foni wodwala ali pomwepo, ndiye kuti sakudziwa chochita, akusakasaka matendawo pa intaneti.

Kawirikawiri sizikhala choncho. Amakhala akuwerenga mbiri ya wodwalayo: mankhwala amene anapatsidwa kale, amene thupi lake limadana nawo, zotsatira za magazi, zithunzi za X-ray. Kale zonsezi zinkasungidwa m'mafayilo a mapepala, omwe ankatha kusowa kapena kulembedwa mosawerengeka. Mlingo wa mankhwala a mwana umatengera kulemera kwake, ndipo kuutsimikizira pa makina ndi kusamala, osati umbuli. Ineyo mtima umakhala m'malo ndikaona dokotala akutsimikizira m'malo mongodalira kukumbukira. Komabe kompyuta singagwire pamimba pomwe pakupweteka, ndipo chiganizo chomaliza chimakhala cha dokotalayo.

Mukakayikira, funsani mwaulemu kuti, "Kodi pamenepo pakuonetsa chiyani?" Ambiri amafotokoza bwino, ena amakuonetsani ndithu. Ndipo chonde, musamatumize nkhani zoterezi kwa anzanu musanafunse wogwira ntchito zachipatala.