George, nkhono yomwe inafa tsiku la Nyuwere

Nyuwere ikamayandikira ine ndimakumbuka maliro a nkhono. Eya, nkhono. Dzina lake George, inafa pa 1 January 2019 ku Hawaii ili ndi zaka pafupifupi 14, ndipo mtundu wake wonse wa Achatinella apexfulva unathera pompo. Makolo ake anali m'gulu la nkhono 10 zomwe akatswiri anakatola kunkhalango pachilumba cha Oahu mu 1997 n'kuzisunga mu labu ya University of Hawaii, zinaswana ndithu koma kenako zinangoyamba kufa mpaka kutsala George yekha.

Nanga anatha mtunduwu ndani? Apa ndiye pali mkangano. Ena amaloza chala azungu a m'ma 1800 omwe ankatolera zigoba zake miyandamiyanda chifukwa cha kukongola, ena amati makoswe ndi kudula mitengo. Zonsezo nzoona, koma ine mlandu waukulu ndimauika pa 1955.

Nkhono zikuluzikulu zija timaziona dzinja zikukwawa pakhoma, kwawo ndi kuno kum'mawa kwa Africa, zinafika ku Hawaii mu 1936 n'kuyamba kusakaza m'minda. Ndiye a zaulimi anati tipeze mlenje, mu 1955 anakatenga ku Florida nkhono ina yodya zinzake, Euglandina rosea. Imeneyi imalondola kanjira konyezimira kamene inzake yasiya ikamakwawa, mpaka kuipeza n'kuidya. Koma mlenje uja zimphona za ku Africa sanazithe ayi, anakwera mapiri, kukwera m'mitengo momwe, n'kumakadya tinkhono ta eni dziko tomwe sitinalakwire munthu, tongonyambita nkhungu pamasamba. Ndiye pomwe tinkhonoti timatenga zaka ngati 5 kuti tiyambe kuswa, ana akenso owerengeka pachaka, tikanalimba bwanji?

A zaulimi aja mwina tingawamvetse, alimi ankalira. Chondiwawa nchoti anthu anadzabwerezanso zomwezo kuzilumba zina, ku Tahiti mu 1974 ndi ku Moorea mu 1977, nkhono za mtundu wa Partula n'kusesedwa. Yotsiriza ya Partula turgida inafera ku London Zoo mu 1996, nayonso pa 1 January, zodabwitsa eti.

Eni Hawaii nkhono za m'mitengozi amazitcha kāhuli, ndipo makolo awo ankati zimaimba usiku. Akatswiri amati oimbawo ndi tizilombo tina ta ngati nkhululu, chabwino, koma ine sindingakatsutse gogo wa kumeneko. Za George chomwe chatsala ndi kachidutswa ka phazi lake ka mamilimita 2, anakadula mu 2017 ndipo kali mu filiji ku San Diego.