K-pop ndi ma series aku Korea zinabadwira pa mavuto

Anthu ambiri amaganiza kuti kutchuka kwa nyimbo zaku South Korea (K-pop) ndi ma series awo kunayamba ndi woimba PSY uja wa Gangnam Style, ai ndithu, nkhaniyi ndi yakale ndipo inayambira pa ngongole.

Kumapeto kwa 1997 chuma cha South Korea chinagwa chagada, ndalama yawo ya won inatha mphamvu, makampani akuluakulu kumangotseka, mpaka boma linakagwada kwa IMF ndi anzake kukatenga ngongole yoposa madola 50 biliyoni. Zinafika poti anthu wamba ankaima pamzere kukapereka golide wawo, mphete zaukwati zomwe, kuti dziko libweze ngongoleyo. Ine nkhani ya mphetezi imandikhudza mpaka lero. Kim Dae-jung atalowa upulezidenti mu 1998 anaona kuti kudalira magalimoto ndi zitsulo zokha sizithandiza, boma lake linathira ndalama pa intaneti yothamanga komanso pa mafilimu ndi nyimbo ngati bizinesi yeniyeni. Maganizowa anali atayamba kale mu 1994 pomwe alangizi anauza pulezidenti Kim Young-sam kuti filimu imodzi ya Jurassic Park inapanga ndalama zofanana ndi kugulitsa kunja magalimoto a Hyundai 1.5 miliyoni.

Koma apa ndi pomwe ambiri sadziwa, intanetiyo inayamba yaluma eni ake. Mu 2000 kunabwera Soribada, pulogalamu yogawana nyimbo ulele, achinyamata anasiya kugula ma CD ndipo msika wapakhomo unafota. Makampani a nyimbo ngati SM ya Lee Soo-man, YG ndi JYP anaona kuti akakhala phee afa ndi njala, ndiye analimbikira kukonza oimba awo ndi diso lakunja, kuwaphunzitsa kuvina, kuimba ndi zilankhulo kwa zaka zambiri asanawatulutse. Mtsikana BoA anamuphunzitsa Chijapanizi akadali mwana ndipo mu 2002 chimbale chake chinakhala nambala wani pa tchati cha Oricon ku Japan. Ma series nawo anali ali paulendo, Winter Sonata itaonetsedwa pa TV yaku Japan ya NHK azimayi akumeneko anapenga naye Bae Yong-joon, katswiri wa mu series imeneyi, ndipo dzina loti Hallyu, kutanthauza funde laku Korea, linatchuka kudzera m'manyuzipepala aku China.

YouTube itafika makampaniwa anali ataphunzira kale kuti nyimbo yokha sudyera, ndiye ankangoika mavidiyo ulele dala, ndalama nkumazipeza ku ma show, zotsatsa malonda ndi katundu wa ma fans. Gangnam Style inatuluka mu July 2012, pofika December chaka chomwecho inakhala vidiyo yoyamba kuoneredwa ka 1 biliyoni pa YouTube.

Koma kwa ine chitsanzo chenicheni ndi gulu la anyamata oimba la BTS. Anayamba mu 2013 pansi pa Big Hit, kakampani kakang'ono kopanda mphamvu kuma TV akuluakulu, ndiye ankacheza ndi anthu pa Twitter ndi YouTube pafupipafupi, akudya, akuyeserera, atatopa, zonse poyera. Ma fans awo otchedwa ARMY ndi omwe anagwira ntchito yaikulu, kumasulira mawu m'zilankhulo zawo usiku wonse popanda wowalipira, kuvota, kufalitsa, mpaka mu 2020 nyimbo yawo inakhala pamwamba pa tchati cha Billboard Hot 100 ku America. Chaka chomwecho filimu ya Parasite ya Bong Joon-ho inatenga mphoto ya Oscar ya filimu yopambana zonse, yoyamba yosakhala ya Chizungu kutero.

Sikuti zonse ndi zokoma, ana ambiri amalowa ku maphunziro a makampaniwa ali aang'ono, amatha zaka akuvina mpaka usiku kenako nkubwezedwa kwawo osatulutsa ngakhale nyimbo imodzi, ndipo makontrakiti ena anali aatali moti boma linalowererapo mu 2009 kuti asapitirire zaka 7.

Series ya Squid Game inatuluka pa Netflix mu September 2021 nkugwedeza dziko lonse, ndipo mu 2023 Netflix inalengeza kuti iika madola 2.5 biliyoni pa zaku Korea kwa zaka 4. Hwang Dong-hyuk analemba Squid Game cha m'ma 2009 iye mwini ali m'mavuto a ndalama, anthu anaikana kwa zaka pafupifupi 10 akuti ndi yankhanza sitingaigulitse. Nkhani yake ndi ya anthu omira m'ngongole omwe alolera kufa bola apeze pobwezera.